Bwalo lathu pa mapu palibe: tithandizeni kulemba malo ovinira, oimbira ndi osemera

Nangozo (Ulónguè)

Zikomo akuluakulu nonse, amayi ndi abambo, achimwene ndi achemwali. Ndabwera ndi pempho. Ife achinyamata angapo a kuno ku Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique, tayamba kuyenda m'mabairro (madera a m'tauni) ndi kope ndi foni, kulemba malo onse amene anthu amachitirapo zaluso: povinira, poyeserera kwaya, posemera, pojambulira nyimbo, pochitira sewero. Tikufuna kuti tsiku limene a município (khonsolo ya tauni) adzaitane anthu kudzamva maganizo awo pa kagawidwe ka malo, tisadzapite chimanjamanja n'kumangoti "tikufuna malo a chikhalidwe". Tidzapite ndi kope lodzaza, ndi mapu, ndi umboni wa magulu eni ake.

Chimene chinatidzutsa ndi ichi. Kuseri kwa kwathu kunali bwalo, pansi pa mkuyu waukulu. Amayi anga ankavina chimtali pamenepo, ndipo ine ndinaphunzirira pomwepo kuomba m'manja motsata ng'oma, ndili kamwana kogwira chitenje chawo. Chaka chatha tinangodzuka n'kupeza zikhomo zinayi ndi mulu wa njerwa. Mwini wake ali ndi mapepala ake, sindikumunena. Koma nditafunsa ndinauzidwa kuti pa pepala malowo analembedwa kuti ndi opanda kanthu. Opanda kanthu, pamalo pamene anthu ankasonkhana Lachitatu ndi Loweruka lililonse chibadwire changa.

Ndiye ndithandizeni. Kwanuko anthu amachitira kuti zimenezi? Chimawasowa n'chiyani? Ndipo tikafika pamalo, tizifunsa mafunso ati?

A Banda (wopima malo, Moatize)

Achemwali a Nangozo, nkhani mwaiyambayi yagwera pa ntchito yanga, ndiye mundilole nditalikitseko. Ndikuuzeni mmene "opanda kanthu" amabadwira. Wopima amafika cha m'ma 9 koloko m'mawa, amayi ali kumunda, ana ali kusukulu. Amapeza fumbi losesedwa bwino, mtengo, mwina mbuzi ziwiri. Pa chithunzi cha setilaiti chimene ali nacho mu kompyuta, mkuyu wanuwo umaoneka ngati kadontho kakuda. Khoma palibe, denga palibe, chikwangwani palibe. Amalemba kuti baldio, kutanthauza malo opanda kanthu, n'kumapita. Si kuipa mtima ayi. Walemba zimene maso ake aona pa ola limenelo.

Choncho funso loyamba m'kope lanu likhale lakuti: tsiku liti, nthawi yanji, anthu angati, chiyambire liti. Pamalo alionse mupitepo kawiri, m'mawa pali zii, ndi madzulo pali piringupiringu, ndipo mujambule zithunzi ziwirizo mutaima pamodzimodzi. Foni ya intaneti imaonetsa manambala a pamene mwaima. Muime pa ngodya zinayi za bwalolo n'kulemba manambalawo, osangoti "kuseri kwa chigayo", chifukwa chigayo chimasamuka.

Za malamulo ndinene mwachidule. M'dziko lathu nthaka ndi ya Boma, sigulitsidwa. Chimene munthu amakhala nacho ndi DUAT, ufulu wogwiritsa ntchito malowo. Lamulo la nthaka la 1997 limavomereza ufulu wa anthu a m'mudzi amene akhala akugwiritsa ntchito malo motsata mwambo ngakhale alibe pepala, ndipo umboni wapakamwa wa amuna ndi akazi a m'deralo umawerengedwa. Palinso lamulo la 2007 la kakonzedwe ka malo, Lei 19/2007. M'matauni limatchula Plano de Estrutura Urbana, amene amaona tauni yonse, n'kumatsika mpaka pa Plano de Pormenor, amene amajambula msewu uliwonse ndi talhão (puloti) iliyonse. Nkhondo yanu ili pa Pormenor pamenepo. Bwalo likapanda kulembedwapo ngati malo a anthu onse, zikhomo zidzafika ndithu, kaya chaka chino kaya chamawa. Ulónguè inakhala município mu 2008, ndipo mapulani otere amadutsa ku Assembleia Municipal, kumene kuli anthu amene munawasankha nokha. Muwadziwe, ndipo kope lanu alione asanakhale pansi.

Nangozo (Ulónguè)

Zikomo kwambiri achimwene. Malo amene tawalemba kale tinapitako m'mawa okhaokha, chifukwa ndi nthawi imene tinali ndi mpata. Tibwererako onse.

Mayi Naphiri (Ulónguè)

Mwana wanga Nangozo, mayi ako ndinavina nawo pamkuyupo zaka zambiri. Tsiku limene ndinaona njerwazo ndinabwerera kunyumba osalankhula ndi munthu.

Lemba izi. Gulu lathu ndi la amayi, chimtali ndi kwaya, anthu ake ndi omwewo. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala sitivutika kwenikweni, paliponse pali mtengo timaima, kungoti chisanu cha Juni chimatibalalitsa msanga. Vuto ndi dzinja. Mvula ya kuno ku Angónia ukuidziwa, ikagwa masana bwalo limasanduka phala. Timathawira m'kalasi kapena m'tchalitchi, koma kiyi amasunga munthu mmodzi, akapita kumaliro ndiye kuti tsikulo lapita. Ndiponso m'tchalitchi ng'oma za chimtali sizilowa, ndipo pagulu pathu pali amayi a mipingo yosiyanasiyana, ena samasuka kulowa m'tchalitchi cha eni.

Ndiye pa mafunso akowo uwonjezere: kiyi ali ndi yani? Mvula ikagwa mumapita kuti? Chimbudzi chilipo? Funso la chimbudzili abambo saliganizira, koma amayi okhala ndi ana kumsana sangakhale maola atatu pamalo opanda pobisala. Madzi akumwa ali pafupi?

Ndamva anyamata ena akuti tipemphe holo yaikulu pakati pa tauni. Holo sindiikana. Koma mayi wa kumapeto kwa bairro, amene ayenera kukatereka madzi a nsima dzuwa lisanalowe, sangayende ola lathunthu kupita kokayeserera n'kuyendanso ola lina pobwerera. Adzabwera kawiri, kachitatu asiya. Ife tipatseni chisakasa cha malata, mizati yolimba, pansi posalala, pafupi ndi mjigo, bairro lililonse chakechake. Mkuyu mutisiyire, usadulidwe.

Mbewe wa situdiyo (Ulónguè)

Amayi anena zoona pa za mtunda. Koma achemwali mulembenso kuti ife ojambula nyimbo chisakasa sichingatithandize.

Situdiyo yanga ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa baraka ya amalume. M'makoma ndinakhomamo matireyi a mazira, pachitseko ndimatsamiritsa matiresi akale. Mkati mumakwana anthu atatu, wachinayi amadikira panja mpaka vesi yake itakwana. Pafupi pali chigayo, ndipo chikangolira maikolofoni imatola zonse, moti ndinachita kugwirizana ndi bambo wachigayoyo kuti azindiuza akamapita kukadya. Ola limenelo ndilo ndimajambula mawu. Mvula ikamagwa pamalata timangokhala n'kumayang'anana.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi makwaya. Akabwera anthu 20 ndimawajambula atatuatatu, kenako ndimachezera usiku wonse kulumikiza pa kompyuta. Nyimbo imatuluka, koma wodziwa kwaya akaimvera amazindikira kuti anthuwa sanapumire pamodzi. Mawu a amayi athu akamaimba pabwalo amakunyamula tsitsi, koma mu foni amamveka ozizira, ndipo vuto si iwo, ndi chipinda. N'chifukwa chake anzanga ena amaoloka malire pa Calómuè kukajambulitsa ku Lilongwe, ndalama n'kutsala komweko.

Chimene ndingapemphe ndi chipinda chimodzi cha njerwa zootcha, chokhala ndi siling'i, kutali ndi chigayo ndi msewu wa magalimoto, chokwana kwaya yonse itaima. Zipangizo tibweretsa tokha, magetsi a Credelec tizigula tokha mosinthana. Sitikupempha makina. Makina amakalamba zaka zochepa, koma chipinda chabwino chidzajambula ndi ana athu omwe.

A Chisale (ogula kachewere, Tsangano)

Mundikhululukire abale, ndilankhula zosiyana. Ine ndimagula mbatata ya kachewere kumidzi n'kumatumiza ku Tete. Dzinja lililonse ndimataya matumba chifukwa galimoto yatitimira m'matope. M'mabairro ambiri amayi amalawirira kumjigo kusanache. Ngalande kulibe, madzi a mvula amalowa m'nyumba za anthu. Ndikuopa kuti tikapita kumsonkhano ndi kope la magule, akuluakulu adzationa ngati anthu osadziwa chimene chikuwawa. Ndalama ndi zochepa. Bwanji tiyambe tamenyera madzi ndi misewu, za mabwalozi zibwere pambuyo? Gule ndimamukonda, ndinakulira momwemo, koma ndikufunsa ndi mtima wonse.

Mayi Naphiri (Ulónguè)

A Chisale, wolawirira kumjigoyo ndi ine ndemwe, ndiye madzi sindingawapeputse. Koma taonani kusiyana kwake. Mjigo ukalephereka chaka chino udzakumbidwa chaka chamawa, madzi pansipo sathawa. Bwalo likamangidwapo nyumba lapita mpaka kalekale. Panopa sitikupempha ndalama, tikupempha mzere pa pepala wakuti apa pasamangidwe. Chisakasacho ngakhale chitadikira zaka zisanu, bola podzachiimika pakhalepo.

A Chisale (ogula kachewere, Tsangano)

Ngati ndi mzere pa pepala, ndili nanu. Koma pamsonkhanopo ine ndidzayamba ndi msewu, musadzandidabwe.

Bambo a Tadala (osema ng'oma, Dómuè)

Ine zolemba zambiri sindizitha, koma mwana wangayu alembe za ng'oma. Aliyense akunena za povinira, palibe wanena za pogona ng'oma. Ng'oma za gulu lathu zimagona kwanga, m'kanyumba kosungiramo makasu. Dzinja chinyontho chimalefula chikopa, makoswe amadya m'mphepete mmene muli zikhomo, chiswe chimalowera pansi osaoneka. Panali mpanje wina umene anasema bambo anga ine ndili mnyamata. Kunja unkaoneka bwinobwino. Tsiku lina ndikuunyamula unangophwanyikira m'manja, mkati monse muli dothi la chiswe. Ndinakhala pansi nthawi yaitali nditagwira zidutswazo.

Kusema ina si nkhani yapafupi masiku ano. Mtengo wokula mokwana ng'oma yaikulu ndimaufuna masiku angapo, pamene kale unali kuseri kwa mudzi. Ndiye ng'oma imodzi ikaonongeka, taluza zambiri. Tikufuna kachipinda kouma, ka simenti pansi, kokhala ndi thandala loti ng'oma zisagunde pansi, ndi loko. Ndipo pamalo amene mudzasungitsewo padzalidwe mitengo.

China n'chakuti ng'oma isanalire imafuna moto. Timaiwamba kuti chikopa chikungike, timaikanso phula pakati kuti mawu atsike. Gule ali mkati chikopa chikalefuka, mnyamata amathamanga nayo kumoto n'kubwera nayo. Mukadzamanga malo okongola, mlonda n'kumati pano moto ayi, ng'oma sidzalira. Pakhale kangodya kosonkhapo moto, pafupi ndi oimba.

Aphunzitsi a Jere (opuma ntchito, Ulónguè)

Ndawerenga zonse kawiri. Nangozo mwana wanga, ntchito mwayambayi ndi yaikulu kuposa mmene mukuganizira.

Ine ndili m'gulu la amene tinathawira ku Dedza nthawi ya nkhondo, n'kudzabwerera pambuyo pa mtendere wa pa 4 Okutobala 1992. Chimene ndinaona kumeneko sindichiiwala. Anthu asanamalize n'komwe kufolera tinyumba tawo, anali atasesa kale bwalo. Chimanga chinali cholandira, mchere wosowa, koma madzulo ng'oma inkalira, Angoni ndi ngoma yawo, amayi ndi chimtali. A Chisale, anthu amenewo ankadziwa bwino chimene chikuwawa.

Onjezani mabuku pa kope lanu. Pakati pa 1993 ndi 1997 dziko lathu linayesa koyamba kuphunzitsa ana m'chilankhulo cha kwawo, pa ntchito yotchedwa PEBIMO, ndipo zilankhulo zake zinali ziwiri: Chichangana ku Gaza ndi Chinyanja kuno ku Tete. Pambuyo pake maphunziro a zilankhulo ziwiri anafalikira m'sukulu zambiri. Koma mwana akadziwa kuwerenga Chinyanja, amakawerenga chiyani akaweruka? Mabuku anga a Chinyanja ndimasunga m'katoni, ndipo ana a m'mudzi muno amabwera kudzawerengera pakhonde panga. Khonde limenelo mulilembenso, ndi malo a chikhalidwe. Ndikadzapita ine, katoniyo ikufuna shelefu pamalo a anthu onse.

Mukapita kwa akuluakulu musapite ngati opemphetsa. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, m'dzina la maiko atatu, Malawi, Zambia ndi Mozambique, chaka chomwecho ndi timbila ya Achopi. Mbali ya Mozambique ya gule ameneyu ili kuno kwathu, ku Angónia, Macanga, Chifunde ndi madera oyandikana nawo. Chaka ndi chaka mu Ogasiti anthu athu amapita ku Kulamba ku Mkaika, ku Katete, kwa Kalonga Gawa Undi. Tilinso ndi lamulo lathu la 1988, Lei 10/88, loteteza chuma cha chikhalidwe, chogwirika ndi chosagwirika chomwe. Magulu amene amakaimira boma lathu pa Festival Nacional da Cultura amayamba kupikisana kuno kumaboma asanapite kuchigawo. Kodi amayeserera kuti? Pansi pa mikuyu yomwe ikukhomedwa zikhomoyi.

Pa zopima, kuno kuli Faculdade de Ciências Agrárias ya UniZambeze. Ophunzira zaulimi amadziwa kupima minda, mukhoza kupempha ena akuthandizeni Loweruka. Ndipo amene angathe akaone ku Mua, tsidya linalo m'boma la Dedza, kumene bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976. Kuli osema, kuli nyumba yosungiramo za Achewa, Angoni ndi Ayao. Ndikulakalaka titakhala ndi zotero, ndipo malo onse a gule atalembedwa bwino pa mapu.

Agogo a Mwale (Furancungo), olemba ndi mdzukulu

Mawu ndi a agogo, ine ndikungolemba mmene akunenera.

Akuti: aphunzitsi, tamva, ndipo tikulemekezani. Koma mawu akuti malo onse a gule alembedwe pa mapu atiimitsa mutu. Bwalo lembani. Bwalo ndi la aliyense, mwana, mayi, mlendo, wa tchalitchi. Koma kumene gule amachokera sikulembedwa, sikujambulidwa, sikulozedwa ndi chala. Dambwe si situdiyo. Mwana wamkaziyu ndi anzake asayerekeze kupita kumeneko ndi foni kukaima pa ngodya zinayi. Sitikumuopseza, tikumuteteza, ndiponso tikuteteza mwambo. Gule anadutsa m'nyengo zovuta, ena ankamuletsa, ena ankamunyoza, ndipo anapulumuka chifukwa chosaonetsa zonse.

Akutinso: koma vuto limene mwanenalo ifenso latifika. Msitu wa kumanda ukuchepa chaka ndi chaka. Wina wadula mitengo ya makala, wina walima mpaka m'mphepete, ndipo pali nyumba ina tsopano zenera lake likuyang'ana kumene siliyenera kuyang'ana. Tikakhala chete msitu utha. Tikalankhula taulula. Ndiye inu ophunzira mutiuze, chinthu chimatetezedwa bwanji pa pepala osachitchula?

Nangozo (Ulónguè)

Agogo, ndamva ndipo ndagwada. Kumeneko sitinapiteko ndipo sitidzapitako. Ine ndi mwana wa Achewa, malire ndikuwadziwa. M'kope lathu mulibe dambwe ngakhale limodzi, ndipo tsamba limenelo si lathu kulilemba. Koma funso lanulo ndilo landisowetsa tulo, chifukwa wopima akadzafika m'mawa adzaona msitu chabe, n'kulemba zomwe zija analemba pamkuyu.

Amayi a Chikondi (Zóbuè)

Ndilankhuleko ngati kholo, mwaulemu kwa agogo. Kwathu kuno njira imene gule amadzera popita kubwalo ndi yomwenso ana amadzera pochokera kusukulu. Kale inali njira ya kuthengo, lero nyumba zaizungulira. Mwana wanga wamng'ono tsiku lina anathawa n'kutaya chikwama, anafika kunyumba akunjenjemera, mawa lake anakana kupita kusukulu. Sindikuti gule aleke. Ndikuti tauni yakula n'kulowa m'njira ya gule, ndipo palibe anakhala pansi kuganizira kuti awiriwa adutsana bwanji. Ngati mukulemba zofunika, lembaninso njira.

A Banda (wopima malo, Moatize)

Agogo, funso lanu lili ndi yankho, ngakhale si lathunthu. Pulani safuna kudziwa zochitika mkati mwa msitu. Amafuna malire ndi mawu akuti pano sipamangidwa. Manda ndi msitu wake wonse zikhoza kuzunguliridwa ndi mzere umodzi waukulu, n'kusiyanso mpata pakati pa mzerewo ndi nyumba zoyamba. Pa pepala padzangolembedwa kuti manda ndi msitu wa mudzi. Woyenda m'malirewo ndi wopima akhale munthu wosankhidwa ndi eni mwambo, ndipo adzere kunja, osalowa. Mafumu ndi anyakwawa Boma linawazindikira kuyambira pa lamulo la Decreto 15/2000, ndiye mawu awo pa malire otere ali ndi polowera.

Koma ndisakunamizeni. Malo obiriwira pa mapu opanda wowalankhulira ndiwo amayamba kudyedwa anthu akachuluka. Kuno ku Moatize taona mmene malasha anasinthira malo m'zaka zochepa, mabanja kusamukira ku Cateme cha m'ma 2009 ndi 2010, tauni kukula mbali zonse. Nyumba, munda ndi manda zimawerengeka msanga chifukwa zimaoneka. Chosaoneka chimafuna munthu woimirira pamsonkhano n'kunena kuti apa ayi. Mfumu ikapanda kubwera tsiku limenelo, mzerewo sudzakhalitsa.

Za njira zimene anena amayi a Chikondi zikhoza kulowa momwemo: kanjira kochoka kumsitu kufika kubwalo kosadutsa pasukulu. Koma woloza kanjirako akhale eni ake.

Aphunzitsi a Jere (opuma ntchito, Ulónguè)

Agogo a Mwale, mawu aja ndinawathamangira, ndawabweza. Ndinaganiza za mabwalo, koma ndinalemba ngati zonse n'zimodzi. Makope akhale awiri. Lina la ana athuwa, loonetsa aliyense. Linalo lisakhale kope n'komwe, likhale m'manja mwa mafumu, ndipo kubwera kwake pagulu kukhale mzere umene anena a Bandawo basi.

Agogo a Mwale (Furancungo), olemba ndi mdzukulu

Akuti: aphunzitsi, palibe mlandu. Za mzerezo sangayankhe okha, apita nazo kwa mfumu ndi akuluakulu anzawo, chifukwa ngakhale kuyenda kunja kwa msitu ndi mlendo kuli ndi mwambo wake. Ena adzakana, akudziwiratu. Kwa amayi a ku Zóbuè akuti pepani chifukwa cha mwanayo, ndipo nkhani ya njira ndi yoona, iwonso amaidandaula. Akayankha akakumana.

Nabanda (Matundo, Tete)

Ndachedwa kulowa, ndinali kuntchito. Ine kwathu ndi ku Macanga koma ndakhala mumzinda wa Tete zaka zambiri, ndipo ndimachita masewero ndi achinyamata a kuno ku Matundo. Ndikufuna achemwali a Nangozo adziwe kuti kope la ku Angónia silingagwire ntchito kuno osasinthidwa. Inu mdani wanu ndi mvula ndi chisanu. Ife ndi dzuwa. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo chisakasa cha malata chimene akupempha amayi a Naphiri kuno masana chingakhale ng'anjo. Ife timayamba kuyeserera dzuwa litapendeka, ndiye chimene timasowa ndi nyali. Sewero lathu lina tinaliyeserera mwezi wathunthu pansi pa babu la pakhonde la sitolo ina, mwini wake atatseka. Atsikana awiri makolo awo anawaletsa chifukwa pobwerera kunali mdima. Anali odziwa kuposa tonse.

Mumzinda muno muli Casa da Cultura, nyumba ya zachikhalidwe, ndipo ndi yothandiza. Koma wa ku Matundo kapena ku Chingodzi ayenera kuoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, kulipira chapa (minibasi) popita ndi pobwera. Wa ku Ulónguè ndiye ali pa mtunda wa makilomita oposa 200. Nyumba imodzi singakwanire chigawo chonse.

Komanso kuno tili pakati pa anzathu Anyungwe, eni magule a nyanga ndi mafuwe. Ovina nyanga amazungulira akuliza zitoliro zawo, amafuna pansi pofewa, osati simenti. Tikadzayamba kulemba kuno tidzalemba nawo limodzi, m'zilankhulo zonse ziwiri. Munditumizire mafunso anuwo.

Mbewe wa situdiyo (Ulónguè)

Achemwali a Nangozo, ine ndikhoza kumayenda nanu ndi maikolofoni. Pamalo alionse tizijambula mawu a mkulu mmodzi akufotokoza kuti anayamba kuvinapo liti ndipo anawapeza ndani. A Banda anena kuti umboni wapakamwa umawerengedwa, ndiye tiusunge eni ake adakali moyo. Tiziyamba tawapempha chilolezo.

Nangozo (Ulónguè)

Zikomo nonse. Usiku uno ndakopera mafunso atsopano m'kope: tsiku ndi ola, chiyambire liti, kiyi ali ndi yani, mvula ikagwa, chimbudzi ndi madzi, nyali, pogona zipangizo, posonkha moto, pansi pake ndi potani, ndi mtunda umene wakutali kwambiri amayenda. La mtundali ndiliika pamwamba, amayi. Achemwali a ku Matundo, ndikutumizirani mawa, musinthe zimene sizikugwirizana ndi kwanuko.

Loweruka lino tikumana 2 koloko masana kwa amayi a Naphiri, tiyambire pamene gulu lawo likuvinira panopa. Tikaonana kaye ndi a secretário a bairro Lachisanu kuti asadabwe kutiona tikuima m'makona ndi mafoni. Achimwene a Mbewe, bwerani nayo maikolofoniyo. Aphunzitsi, khonde lanu tilipeza Lolemba ana ataweruka. Za kumsitu tidikira mawu a agogo, ngakhale patapita miyezi.

Bambo a Tadala, kachipinda ka ng'oma kaja kakhale kakakulu bwanji? Ndikufuna ndilembe muyeso weniweni.

Bambo a Tadala (osema ng'oma, Dómuè)

Ndapita kukayesa m'kanyumba kanga. Mamita atatu m'litali, awiri m'lifupi, zikwana zonse ndi mpanje womwe utaimirira. Thandala litalike kufika m'bondo. Zenera likhale laling'ono, lokhala ndi waya, kuti mphepo izilowa koma khoswe ayi.